Kurt Lewin ndi Magulu a Ophunzira Ake

Palibe mmodzi wa ife amene sanaonepo zimene zimachitika mphunzitsi akagaŵa kalasi m'magulu nawapatsa ntchito yoti akafufuze. M'gulu la ana asanu ndi mmodzi, aŵiri ndiwo amagwira ntchito, mmodzi amalemba chifukwa ali ndi dzanja labwino, ena aŵiri amangosuzumira pa zenera, ndipo wotsalayo, amene kaŵirikaŵiri amakhala mtsikana kapena mwana wobwera kumene, amayesa kulankhula kamodzi, anzake n'kumuseka, iye n'kutseka pakamwa kufikira belu litalira. Zikatero timadandaula kuti ana ngaulesi. Mwambi wa mutu umodzi ndi denga tonse tinaumva tili aang'ono, koma mwambiwo sutiuza kuti osenzawo tiwaimike motani kuti denga lisapendekere pa khosi la mmodzi. Munthu amene tifuna kusimba za moyo wake pano anathera zaka zake zambiri pa funso limeneli, ndipo anayamba kuliyankha ndi ophunzira ake omwe asanalitengere kwa ana a eni.

Kurt Lewin anabadwa pa 9 Sepitembala 1890 m'katauni ka Mogilno, kamene panthaŵiyo kanali m'manja mwa Prussia koma lero kali m'dziko la Poland. Makolo ake anali Ayuda, ndipo atate ake anali ndi sitolo pamodzi ndi kamunda kunja kwa tauni. Mu 1905 banja lonse linasamukira ku Berlin kuti ana akapeze sukulu zabwino. Mu 1909 Lewin analoŵa yunivesite ya Freiburg kukaphunzira udokotala, kenaka anapita ku Munich, ndipo mu 1910 anabwerera ku Berlin. Kumeneko mtima wake unakopeka ndi saikoloji, ndiko kuti maphunziro a maganizo ndi makhalidwe a munthu, ndipo mphunzitsi wake anali Carl Stumpf. Ali wophunzira choncho, anali pakati pa achinyamata amene ankaphunzitsa antchito a m'mafakitale madzulo akaŵeruka. M'dziko la Germany la masiku amenewo Myuda ankaloledwa kuphunzira mpaka pamene nzeru zake zinalekezera, koma mipando yapamwamba m'boma ndi m'mayunivesite inali yomuvuta kuipeza. Motero Lewin anakula akudziŵa kuti munthu akhoza kukhala m'chipinda chimodzi ndi anzake koma ali kunja.

Nkhondo itabuka mu 1914 analoŵa usilikali, ndipo anavulala ali kunkhondoko. Digiri yake yaudokotala wa maphunziro anailandira mu 1916. Chaka chotsatira anasindikiza kankhani kakafupi konena za mmene malo amaonekera kwa msilikali. Kwa munthu woyenda pa mtendere, chitunda ndi chitunda chabe ndipo dziko limapitirira mbali zonse; koma kwa msilikali amene akuyandikira adani, chitunda chomwecho chimasanduka pobisalira, ndipo dziko limathera pamene pafika zipolopolo. Apa mpamene panamera ganizo limene analisunga moyo wake wonse, lakuti zochita za munthu zimachokera kwa munthuyo pamodzi ndi malo amene alimo monga momwe iye mwini akuwaonera. Ife aphunzitsi tiyenera kuima pang'ono pamenepa. Kalasi limene ife timaliona titaimirira pa bolodi si limene amaliona mwana wokhala kumbuyo, amene dzulo anasekedwa atalakwitsa mawu a Chingelezi.

Mu 1921 Lewin anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya saikoloji ya yunivesite ya Berlin, imene inali m'nyumba yachifumu yakale, pamodzi ndi akatswiri monga Max Wertheimer ndi Wolfgang Köhler. Udindo wake unali wotsika, ndipo ndalama zimene ankalandira zinkadalira kuchuluka kwa ophunzira obwera kudzamumvera. Anthu amene anamudziŵa anasimba kuti sanali mphunzitsi wadongosolo: ankadzaza bolodi ndi zithunzi zozungulira ngati mazira, n'kufafaniza, n'kuyambanso, ndipo wophunzira akamudula mawu ndi funso iye ankakondwa m'malo mokwiya. Ntchito yake yeniyeni inkachitikira kunja kwa kalasi. Pafupi ndi sukuluyo panali nyumba yomweramo khofi, ndipo m'menemo Lewin ndi ophunzira ake ankakhala pa tebulo limodzi maola ambiri, kukambirana za kafukufuku wa aliyense. Msonkhanowo anaupatsa dzina lanthabwala lakuti Quasselstrippe, mawu a Chijeremani onena za munthu wolongolola. Panalibe mpando wa mkulu. Wophunzira ankaloledwa kubweretsa ganizo losapsa, anzake n'kulitembenuza uku ndi uku, ndipo ganizo la Lewin mwini linkatsutsidwa monga la wina aliyense.

Tikafunsa kuti ankakhala pa tebulopo anali yani, mpamene nkhaniyi imatikhudza. Mayunivesite a Prussia anatsegulira akazi khomo mokwanira mu 1908 chabe, ndipo aphunzitsi ambiri anali asanazoloŵere kuwaona m'kalasi. Komabe ambiri mwa ophunzira amene anachita kafukufuku wotchuka ndi Lewin anali akazi, ndiponso alendo m'dzikomo: Bluma Zeigarnik wa ku Lithuania, Maria Ovsiankina wa ku Russia, Tamara Dembo wobadwira ku Baku, Anitra Karsten wa ku Finland. Panalinso achinyamata ochokera ku Japan ndi ku America, ena a iwo Chijeremani chikuwavuta. Aliyense anali ndi funso lakelake lofufuza, koma mafunsowo anali olumikizana, kotero kuti zimene mmodzi anapeza zinali maziko a ntchito ya mnzake. Ntchitozo zinasindikizidwa m'magazini ya Psychologische Forschung zili ndi maina a eni ake. Ichi sichinali chinthu chaching'ono. Mpaka lero zimene Zeigarnik anapeza zimatchedwa ndi dzina la Zeigarnik, osati la mphunzitsi wake.

Kafukufuku wa Zeigarnik anabadwira pa tebulo lomwelo. Monga momwe ophunzirawo ankasimbira, munthu woperekera khofi m'nyumbamo ankakumbukira bwino lomwe zimene aliyense waitanitsa popanda kulemba, ngakhale patapita maola. Koma atangolipidwa, akafunsidwanso, zonse zinali zitamuchoka m'mutu. Lewin anaganiza kuti ntchito yosatha imasiya chikoka mumtima mwa munthu, ndipo chikokacho chimamasuka ntchito ikatha. Zeigarnik anapatsa anthu timantchito pafupifupi 20, monga kuumba dongo, kutunga mikanda ndi kuŵerengera masamu, ndipo theka la timantchitoto ankawadukiza asanatsirize. Pambuyo pake anthuwo anakumbukira todukizato pafupifupi kaŵiri kuposa totsiriza. Zotsatirazi zinatuluka mu 1927. Ofufuza a m'zaka zapambuyo pake sanapeze zofanana nthaŵi zonse, ndipo zimene zaoneka zolimba koposa ndi zimene Ovsiankina anasindikiza mu 1928, zakuti munthu wodukizidwa amabwerera yekha ku ntchito yake mpata ukapezeka. Chimene ife tikuonapo nchakuti funso lofufuza linachokera pa macheza, pa chinthu chimene aliyense wa m'gululo anachiona ndi maso ake.

Gulu limeneli linabalalitsidwa ndi ndale. Mu 1933 Adolf Hitler analoŵa m'boma, ndipo Ayuda anayamba kuchotsedwa m'mayunivesite. Poyamba lamulo linasiyako amene anamenya nawo nkhondo, koma Lewin sanafune kuphunzitsa pa sukulu imene ana ake sakanalandiridwa bwino. Anatula pansi udindo, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku America. Anakhala zaka ziŵiri pa yunivesite ya Cornell, kenaka mu 1935 anapita ku yunivesite ya Iowa, ku nthambi yofufuza za kakulidwe ka ana. Chingelezi chake chinali chopotoka, ndipo tsono iye mwini ndiye anali mlendo wolankhula moseketsa. Sanachedwe kuyambitsanso macheza aja, m'chipinda chapamwamba cha nyumba ina yodyeramo, ndipo ophunzira a ku Iowa anawatcha Hot Air Club, dzina lanthabwala ngati lija la ku Berlin. Tamara Dembo anadzagwira naye ntchito komweko. Amayi ake a Lewin anathaŵira ku Netherlands. Iye anayesetsa kuwapezera chilolezo choloŵera ku America koma analephera, ndipo anaphedwa m'misasa ya chipani cha Nazi. Pamene tiŵerenga za kafukufuku wake pa utsogoleri wolamula, tisaiŵale kuti kwa iye nkhaniyi sinali ya m'mabuku.

Kafukufukuyo anayambitsidwa ndi wophunzira, Ronald Lippitt, amene anali atazoloŵera kutsogolera magulu a achinyamata. Anakonza timagulu tiŵiri ta ana asanuasanu a zaka 10 ndi 11, amene ankakumana ataŵeruka kusukulu kudzapanga zigoba zakumaso zochitira maseŵero. Anawo sanawaunjike mwachisawawa: anayamba wafufuza kuti ndani amakondana ndi yani, ndani amatsogolera anzake, ndani amasalidwa, kuti magulu aŵiriwo akhale ofanana. Lippitt yemweyo ankatsogolera magulu onse. Ku gulu loyamba ankalamula zonse: chochita lero, wogwira ndi yani, sitepe imodzi panthaŵi imodzi, anawo osadziŵa kumene ntchito ikuloŵera. Ku gulu lachiŵiri ankafotokoza ntchito yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, anawo n'kukambirana, ndipo pakafunika nzeru iye ankapereka njira ziŵiri kapena zitatu kuti asankhepo. Anthu ena ankakhala pambali kulemba mawu ndi zochita za mwana aliyense. Zimene analembazo zinaonetsa kuti mawu ndi zochita zaudani zinachuluka pafupifupi ka 30 m'gulu lolamulidwa kuposa m'gulu lokambirana. Chodabwitsa nchakuti mkwiyowo sunkapita kwa mtsogoleri ayi. Ana anayi ankagwirizana kuutulira pa mnzawo mmodzi, kufikira iye atasiya kubwera. Ndipo zimenezi zinachitikira ana aŵiri motsatizana. Ofufuzawo anasinthanitsanso mwana mmodzi wa gulu ili ndi mmodzi wa gulu linalo, ndipo posakhalitsa aliyense anatengera khalidwe la kumene anapita.

Kafukufuku wachiŵiri anali wokulirapo, ndipo analoŵamo Ralph White. Panali magulu anayi a anyamata asanuasanu a zaka 10, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi atsogoleri ankasinthana, kuti gulu lililonse lilaŵe mitundu yosiyana ya utsogoleri. Mtundu wachitatu unapezeka mwangozi. White anapatsidwa mbali ya mtsogoleri wokambirana, koma iye anamva ngati kukambirana ndiko kungoima pambali n'kuwasiya anyamata achite zimene afuna. Gulu lake linasokonekera. Lewin ataona zimenezo sanamudzudzule kuti waononga kafukufuku. Ananena kuti umenewu ndi mtundu wina wa utsogoleri, wolekerera, woyenera kuufufuza pawokha. Kulakwitsa kwa wophunzira kunasanduka gawo la ntchito ya gulu lonse. Zotsatira zinasindikizidwa mu 1939, zili ndi maina a onse atatu.

Zimene anapezazo nzoyenera kuziŵerenga mosathamanga, pakuti ambiri amazisimba mopepuka. Magulu olamulidwa sanali aulesi. Mtsogoleri akakhalapo ankagwira ntchito yochuluka ndithu, nthaŵi zina kuposa enawo. Ena mwa maguluwo anali aukali, ena anali ofatsa mongogonja. Koma ofufuzawo ankakonza zoti mtsogoleri atuluke m'chipinda kwa kanthaŵi, ndipo pamenepo ntchito ya olamulidwa inkaima, pamene ya okambirana inkapitirira pafupifupi monga kale. Anyamata ogonja aja akapatsidwa mtsogoleri womasuka, tsiku loyamba ankachita phokoso ndi chipwirikiti ngati mbuzi zotsegulidwa m'khola masana. Magulu olekereredwa ndiwo anagwira ntchito yochepa ndiponso yosalongosoka, ndipo anyamata ake ankakhumudwa okha. Pofunsidwa pamapeto, anyamata 19 mwa 20 anati anakonda mtsogoleri wokambirana kuposa wolamula. Inu amene mukupita kukayesera kuphunzitsa mudzaone bwino kusiyana kwa kukambirana ndi kulekerera, pakuti ambiri a ife tinagwa m'dzenje la White: tinaika ana m'magulu, ife n'kukhala pa desiki kuchonga makope, n'kumati tikuphunzitsa mwa njira yatsopano. Mtsogoleri wokambirana wa Lippitt ndiye anali wotanganidwa kuposa onse. Ankayendayenda, kufunsa, kuonetsa kumene ntchito ikupita, ndipo poyamikira kapena podzudzula ankaloza ntchitoyo, osati mwini wake.

Tisabise kuti kafukufukuyu anali ndi malire. Anyamata 20 a m'tauni imodzi ya ku Iowa, obwera mwa kufuna kwawo kudzapanga zoseŵeretsa, si kalasi lodzaza limene likudikira mayeso, ndipo mtsogoleri wa ana asanu sasenza katundu wofanana ndi wa mphunzitsi amene ali ndi magulu khumi m'chipinda chimodzi. Ofufuzawonso anali ndi mbali imene ankaikonda asanayambe. Komabe mfundo imodzi yakhala yovuta kuigwetsa: mwana yemweyo anali waukali mwezi uno ndi wothandiza anzake mwezi wamaŵa, ndipo chimene chinasintha sichinali mwanayo koma kayendetsedwe ka gulu.

M'zaka za nkhondo yachiŵiri, nyama itasoŵa ku America, Lewin anagwira ntchito ndi komiti yoona za kadyedwe imene munalinso Margaret Mead. Boma linkafuna kuti amayi aziphika zam'kati monga mitima ndi impso, zimene mabanja ambiri ankazinyansidwa. Magulu atatu a amayi anamvera katswiri akuwalangiza. Magulu ena atatu anakambirana okha zovuta zawo motsogozedwa ndi wophunzira wina wa Lewin, Alex Bavelas, kenaka n'kukweza manja amene anatsimikiza kuyesa. Pambuyo pake anapeza kuti mwa olangizidwa, 3 pa 100 alionse ndiwo anaphikadi, pamene mwa okambirana anali 32 pa 100.

Pofika mu 1945 Lewin anali atasamukira ku Massachusetts Institute of Technology, kumene anatsegula malo ofufuzira za magulu, pamodzi ndi Lippitt, Dorwin Cartwright, Leon Festinger ndi Marian Radke. Chochitika chimene tifuna kukhalapo pang'ono chinachitikira pa koleji ya aphunzitsi, ku New Britain m'chigawo cha Connecticut, mu 1946. Akuluakulu a chigawocho anapempha Lewin kuti aphunzitse atsogoleri a m'madera mmene angathetsere tsankho la mitundu ndi zipembedzo. Kunabwera anthu pafupifupi 40, ambiri a iwo aphunzitsi ndi antchito othandiza anthu, ndipo panali azungu, anthu akuda ndi Ayuda. Masana ankakambirana m'magulu atatu otsogozedwa ndi Lippitt, Kenneth Benne ndi Leland Bradford, gulu lililonse lili ndi munthu wolemba zochitika. Madzulo ofufuzawo ankakumana okha kumva zimene zalembedwa. Tsiku lina atatu mwa ophunzirawo anapempha kuti akhale nawo pa msonkhano wa madzulowo. Ena mwa ofufuza anachita mantha, poganiza kuti munthu sangapirire kumva ena akukamba za khalidwe lake; Lewin anavomera. Wolemba atafotokoza zimene mayi wina anachita masana, mayiyo anakana kuti sizinayende choncho, nafotokoza mmene iye anazionera. Lewin anakondwa kwambiri, nayamba kufunsa onse aŵiri. M'masiku otsatira pafupifupi onse ankabwera madzulo, ndipo ambiri anati anaphunzira zochuluka pa misonkhano imeneyi kuposa pa ya masana. Anthu amene anabwera ngati ofufuzidwa anakhala ofufuza anzawo, ndipo zolemba za katswiri zinakonzedwa ndi munthu amene ankalembedwayo.

Ife tiona kuti ichi nchotheka ngakhale pa sukulu yopanda zipangizo. Gulu likatha ntchito yake, mphindi zisanu zofunsana kuti ndani analankhula, ndani sanapeze mpata, ndi ganizo la yani limene linatayidwa lisanamveke, sizilira choko kapena buku. Chovuta chake nchakuti mphunzitsi ayenera kulola kuti mwana amuuze kuti sizinayende choncho.

Chaka chomwecho cha 1946 Lewin analemba nkhani yofotokoza njira yofufuza mwa kuchita: kukonza chochita, kuchichita, kuona chimene chatuluka, ndi kukonzanso, ndipo onse okhudzidwa akhale nawo pa sitepe iliyonse. Njira imeneyi inadzaloŵa m'makoleji a aphunzitsi m'maiko ambiri. Koma iye anali atadzichulukitsira ntchito. Ankayendera pakati pa Massachusetts ndi New York, kumene ankathandizanso bungwe la Ayuda lolimbana ndi tsankho, ankasakasaka ndalama za kafukufuku, ndipo sankadziŵa kukana munthu wobwera ndi funso. Anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima pa 12 Febuluwale 1947 ku Newtonville, ali ndi zaka 56. Maphunziro amene anakonza ndi anzake potsatira za ku New Britain anatsegulidwa ku Bethel, m'chigawo cha Maine, miyezi yoŵerengeka iye ataikidwa kale.

Mmodzi wa ophunzira ake otsiriza, Morton Deutsch, anatengera funsoli m'kalasi lenileni. Anagaŵa ophunzira a pa yunivesite m'magulu khumi a anthu asanuasanu, nawapatsa mavuto oti athetse kwa masabata asanu. Magulu asanu anauzidwa kuti onse a m'gulu adzalandira malikisi ofanana malinga ndi ntchito ya gululo. Ena asanu anauzidwa kuti m'gulu lililonse adzasanjidwa kuyambira woyamba mpaka wachisanu. Zotsatira, zimene zinatuluka mu 1949, zinaonetsa kuti a malikisi ofanana ankamverana, ankagaŵana ntchito, ndipo mayankho awo anali abwinopo. Osanjidwa aja ankadulana mawu, ndipo ambiri ankadandaula kuti anzawo sakuwamvetsa. Wophunzira wa Deutsch, David Johnson, pamodzi ndi mbale wake Roger, anakulitsa njira zophunzitsira ana mogwirizana pa yunivesite ya Minnesota. Ndipo mu 1971, pamene ana achizungu, akuda ndi ochokera m'mabanja a ku Mexico anaikidwa m'sukulu zimodzi mumzinda wa Austin ku Texas, nkuyamba kumenyana, amene anaitanidwa anali Elliot Aronson, wophunzira wa Festinger. Iye ndi ophunzira ake anadula phunziro m'zigawo, napatsa mwana aliyense wa m'gulu chigawo chimodzi chimene anzake analibe. Mayeso anali a phunziro lonse, kotero kuti mwana amene kale ankasekedwa chifukwa cha Chingelezi chake anzake anayenera kumudikira mpaka atatsiriza kulankhula.